Lipoti la positimotemu likuti mtima wa achimwene unali ndi kashiamu, kumudzi akuti anadyetsedwa

MlongoWake
Moni nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mutu wanga sukugwira. Achimwene anga anamwalira ku Joni miyezi isanu yapitayo, anangogwa ku ntchito m'mawa akutsitsa katundu mu lole, ambulansi pofika n'kuti atatsirizika kale. Zaka 41 zokha, fodya samasuta, mowa anasiya kalekale. Poti inali imfa yadzidzidzi apolisi a kumeneko anati mtembo uyambe wapimidwa, tinadikira masiku 8, kenako unabwera pa trailer tinakaika kwathu. Lipoti latuluka sabata yathayi, alamu anga ajambula n'kuponya pa gulu la WhatsApp la banja, ndiye pali mzere wakuti "extensive myocardial calcification, left ventricle" ndi wina wakuti mtima unalemera 520 g. Msuweni wathu wina wa Fomu 4 wathamangira kumasulira kuti mtima unasanduka mwala. Basi azakhali aigwira nkhaniyo, akuti alamu anawadyetsa achimwene kondaine mpaka mtima kuuma, akuti Loweruka likudzali kukhale bwalo ndipo nyumba imene achimwene anamanga alamu asaipondenso. Pali ana awiri. Ndikufunsa inu odziwa zachipatala, chinthu chimenechi n'chiyani? Chimabwera munthu ali moyo kapena chinabwera mu firiji masiku 8 aja? Nanga mankhwala odyetsedwa angachite zimenezi?

Kambuku77
Pepani achemwali. Koma azakhali anuwo nkhani yawo ndi nyumba, si mtima ayi.

Mfumu_Ndalama
Ine ndinena mosapsatira, zinthu izi zilipo. Mtima wa munthu ungaume wokha ngati chikopa choyanikidwa padzuwa? Azungu akaona chinthu chowapitirira amangochipatsa dzina lalitali basi.

NesiWaUsiku
Pepani kwambiri achemwali. Tiyeni tiyambe ndi chizungucho. Myocardium ndi mnofu weniweni wa mtima, uja umafinya n'kupopa. Left ventricle ndi chipinda chakumanzere cham'munsi, chimene chimakankhira magazi m'thupi lonse. Calcification ndi kashiamu amene waunjikana pamalo posayenera, kashiamu yemwe uja wa m'mafupa ndi m'mano. Mtima wonse sunasanduke mwala, ukanatero achimwene anu sakanafika n'ku ntchito komwe, koma m'kati mwa mnofuwo munali timizere ndi timadontho tolimba ngati choko. Ndiye 520 g ija isakudutseni, mtima wa bambo wamkulu umalemera cha m'ma 300 mpaka 350 g, uwu unali utakula ndithu, ndipo mtima sukula m'sabata imodzi. Munthuyu amadwala kwa nthawi, kaya amadziwa kaya samadziwa.

WaMochale
Funso la firiji ndiyankhe ine poti ndi ntchito yanga zaka 11 tsopano. Firiji sipanga kashiamu mayi. Munthu akamwalira thupi limauma pakapita maola ochepa, mtima nawo umauma, koma pakatha tsiku limodzi kapena awiri zonse zimafewanso. Fomalini amene timabaya kuti mtembo uyende ulendo wautali amalimbitsadi nyama, imachita ngati labala, koma mpeni umadutsa bwinobwino osamveka kanthu. Komanso dongosolo lake n'lakuti dokotala amayamba wapima kenako ife tikonze mtembo, ndiye mtima anauona usanakhudzidwe ndi mankhwala athu.

LabuBoy
A WaMochale anena zoona. Ine ndimakonza ma slide mu labu, timagalasi toonerapo tizidutswa ta m'thupi pa maikulosikopu, ndipo phokoso la chinthu chimenechi sindidzaliiwala. Dokotala amadula mtima m'magawo ngati buledi, kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba, mpeni wautali uja umangoyenda phee, ndiye pena pake umangomva kwerere kwerere ngati waluma mchenga mu mpunga. Ukayang'ana pamenepo pali poyera motuwa kapena mwachikasu, ukakhudza ndi chala cha gulovu pamakanda. Tikatero timadula kachidutswa n'kuviika mu fomalini, ndiye chifukwa n'kolimba timayamba takaika mu asidi kuti kafewe, apo ayi kamabenthula lumo la makina odulira ndipo malumo amenewo ndi odula zedi, abwana amachita kukuwerengera. Kenako timakaumba mu phula n'kudula kopyapyala kuposa tsitsi, n'kupaka utoto. Pa maikulosikopu mnofu wabwino umaoneka pinki, kashiamu amaoneka wapepo wakuda ngati wina wawaza fumbi la inki. Kuti titsimikize pali utoto wina wa von Kossa, wakale kwambiri wa m'chaka cha 1901, wa siliva, timaika slide pawindo padzuwa ndiye pamene pali mchere umenewu pamada bii. Wina ndi alizarin red, umafiiritsa. Koma ukaviika mu asidi nthawi yaitali kashiamu yense amasungunuka utoto osagwiranso kanthu, n'chifukwa chake timasungako kachidutswa kena kosaviika. Ndinaphunzira zimenezi nditakalipiridwa kkkk.

Mfumu_Ndalama
Chabwino mwauona mwalawo pa makina anu. Funso langa n'lakuti anauika ndani.

Chitedze
A Mfumu dikirani kaye anthu amalize kulankhula, mukuthamangira kuti

MnyamataWaShire
Koma ine zandiopsa. Kwathu ku Chikwawa madzi a pa mjigo ndi amchere, ketulo mwezi umodzi wokha m'kati mumachita zoyera zokhakhala mpaka kupala ndi supuni. Ndiye m'mitima mwathumu si momwemo eti?

Kambuku77
kkkkk aise mtima wako ukumawira pa mbaula?

MnyamataWaShire
Ndikufunsa zenizeni inu, mayi anga amamwa madzi omwewo

NesiWaUsiku
Funso labwino, musamuseke. Ayi achimwene, thupi si ketulo. Matumbo amatenga kashiamu amene akufunika, wotsala amatuluka ku chimbudzi, impso nazo zimataya wina mu mkodzo. Pafupifupi kashiamu yense wa m'thupi, 99 pa 100, ali m'mafupa ndi m'mano. Wa m'magazi ndi wochepa ndipo amalonderedwa ngati ndalama za kubanki, amayenera kukhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 pa muyeso wa ku labu, ndipo alonda ake ndi tinthu tinayi tating'ono ngati njere za mpunga tili m'khosi kuseri kwa chithokomiro, timatchedwa parathyroid. Munthu wa impso zabwino amwe madzi a pa mjigo, adye usipa ndi minga yomwe, amwe chambiko, mtima suuma ndi zimenezo.

MkaziWaMsodzi
Aa koma nkhani ya impso ndiye yandikhudza. Amuna anga ali pa dayalisisi, makina osefa magazi, chaka chachitatu, kawiri pa sabata, shuga ndi BP zinawononga impso. Iwo analetsedwa Coca-Cola, matemba ndi usipa azidya pang'ono, mkaka pang'ono, munthu wobadwira kunyanja kumuletsa usipa mukudziwa nkhondo yake. Adokotala anati vuto ndi fosifeti, mchere wina wa m'zakudya, impso zikafa iyeyu satuluka ndiye amagwirana ndi kashiamu n'kukakhala m'mitsempha. Amamwa mapilitsi akuluakulu oyera pakati pa chakudya kuti azigwira fosifetiyo m'mimba momwemo. Chaka chatha anajambulidwa dzanja atagwa panjinga, pa ekisileyo mitsempha ya magazi imaoneka yoyera ngati timapaipi pambali pa mafupa, ine ndinaona ndi maso angawa. Thupi kuyabwa usiku wonse. Palibe anawalodza, ndi impso basi. Achemwali funsani ngati achimwene anu analibe vuto la impso.

Dotolo265
Pepani achemwali ndi imfa imeneyi. Ndawerenga zonse, anzanga afotokoza bwino, ine ndingolumikiza. Kashiamu amafika mu mnofu wa mtima m'njira ziwiri ndipo ntchito ya dokotala wopima mtembo ndi kusiyanitsa.

Njira yoyamba, magazi ali bwinobwino koma mnofu pamalopo wafa kapena wavulala. Selo ya mtima ikakhala yamoyo imakhalira kutulutsa kashiamu kunja, moti kunja amachuluka kuposa m'kati maulendo pafupifupi 10,000. Ikangofa chitseko chatseguka, kashiamu amakhuthukira m'kati, n'kugwirana ndi fosifeti, n'kupanga mchere womwe uja umalimbitsa mafupa. Iyi timaitcha dystrophic. Chimene chimapha mnofuwo chikhoza kukhala mtsempha wa mtima umene unatsekeka zaka zapitazo n'kusiya chipsera, kapena kutupa kwa mtima chifukwa cha mavairasi, kapena opaleshoni ya mtima, kapena matenda aakulu olowa m'magazi aja timati sepsis.

Njira yachiwiri ndi ya amuna awo a MkaziWaMsodzi. Mnofu unali wabwino koma magazi adzaza kashiamu kapena fosifeti, chifukwa cha impso zakufa, chotupa cha parathyroid, vitamini D womwa mopitirira muyeso, kapena khansa imene ikudya mafupa. Iyi ndi metastatic, ndipo dzinali lisakusokonezeni, silikutanthauza kuti pali khansa.

Ndiye amasiyanitsa bwanji munthu atafa kale? Amayang'ana kwina. Ngati vuto linali m'magazi kashiamu sasankha mtima wokha, mumampezanso m'mapapo, m'chifu, mu impso ndi m'mitsempha. Ngati ali mu mtima mokha, pafupi ndi zipsera, ndiye kuti mtimawo unavulalapo kale. Magazi a mtembo sitiwakhulupirira pa nkhani ya mchere chifukwa amasintha munthu akangofa, m'malo mwake amatunga timadzi ta m'diso ndi jakisoni n'kuyeza urea ndi creatinine kuti aone ngati impso zimagwira ntchito. Ndipo ndibwereze zimene anena a WaMochale, kuti mchere umenewu uunjikane pamafunika magazi oyenda obweretsa kashiamuyo tsiku ndi tsiku. Mu mtembo magazi sayenda.

Achemwali, achimwene anu anadwalapo kwambiri m'mbuyomu? Anagonapo m'chipatala nthawi yaitali? Ndipo pa lipotipo mapapo, impso ndi mitsempha ya mtima alemba chiyani?

UncleWaKuLeeds
Ine kuno anandijambula mtima ndi CT, makina aja ojambula m'kati mwa thupi, n'kundiuza kuti calcium score yanga ndi 210, anandipatsa ma statin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi. Ndiye kuti nanenso ndili pamzere?

Dotolo265
Ayi bambo, zanuzo n'zina. Score imeneyo, ya Agatston, inayamba mu 1990, imayeza kashiamu wa m'makoma a mitsempha imene imadyetsa mtima, ndipo anthu ambiri achikulire ali naye. Imakuuzani kuti mapaipi ayamba dzimbiri, imwani mankhwala anuwo ndipo BP muziiyang'anira. Za achimwene awa n'za mu mnofu weniweniwo, zimene n'zosowa kwambiri, madokotala ena amapuma ntchito asanazionepo.

MlongoWake
Zikomo nonse, ndalira powerenga. Ndangomaliza kuyankhula ndi alamu pa foni pafupifupi ola lathunthu ndipo andiuza zinthu zimene ife kuno sitimadziwa. Mu 2022 achimwene appendix inaphulikira m'mimba, anazengereza kupita kuchipatala masiku anayi poopa kuti mapepala awo anali atatha, pofika kumeneko anali atakomoka. Anakhala mu ICU masabata atatu pa makina opumira, BP inagwa mpaka amawathira mankhwala a mu drip usana ndi usiku kuti ikwere, impso zinaima anawasefa magazi masiku angapo kenako zinadzukanso. Anawalumbiritsa alamu kuti asauze amayi chifukwa amayi ndi a BP. Ife timangodziwa kuti anachitidwa opaleshoni yaing'ono. Akuti chichokereni m'chipatala samathanso kukwera masitepe osapumira panjira, amagona ndi mapilo atatu, mapazi amatupa madzulo mpaka nsapato za ku ntchito amazimasula zingwe, ndipo nthawi zina amati mtima ukugunda ngati mbalame yagwidwa m'manja. Tsiku lobwerera ku chekapu sanapite, akuti bwana sangamvetse. Alamu ndi amene amawasambitsa miyezi iwiri yonseyo, lero akutchedwa mfiti.

Chitedze
Eish. Amayi amenewa apepesedwe ndithu.

Dotolo265
Zimene mwanenazi zikugwirizana kwambiri ndi lipotilo. Sepsis yoopsa chonchi imavulaza mnofu wa mtima, BP ikagwa mtima umasowa mpweya, ndipo mankhwala okweza BP a mu ICU, noradrenaline ndi adrenaline, akaperekedwa ambiri kwa masiku ambiri amaukwapula mtima ngati ng'ombe yotopa pa ngolo, maselo ena amafa. Onjezani impso zimene zinaima nthawi yomweyo fosifeti n'kukwera, ndiye kuti njira zonse ziwiri zinakumana. Pali odwala olembedwa m'mabuku a zachipatala amene CT yawo polowa mu ICU inali yabwinobwino, patangotha masabata awiri kapena atatu khoma la left ventricle likuwala mbee. Koma chonde pasapezeke wina wonena kuti ndiye madokotala anamupha, popanda mankhwala amenewo mukanaika maliro mu 2022.

Za kugwa mwadzidzidzi, mtima uli ndi magetsi akeake amene amayenda mu mnofu kuti ugunde mwadongosolo. Pamene pali zipsera ndi kashiamu magetsi amasochera, munthu akanyamula cholemera mtima umayamba kungonjenjemera osapopa, mphindi zochepa wapita. Kutupa mapazi ndi mapilo atatu aja ndi chizindikiro chakuti chipinda chija chinali chitauma, chimalephera kumasuka kuti chilandire magazi. Ine ma slide sindinawaone, mawu omaliza ndi a dokotala amene anapima, koma nkhani yake ikumveka kuyambira poyamba mpaka pamapeto popanda kondaine.

LabuBoy
Ndingowonjezera pang'ono a Dotolo, kupeza kashiamu sikuti nthawi zonse ndiye chapha munthu. Tinalandirapo mtima wa agogo ena ogundidwa ndi galimoto, unali ndi chipsera chakale cholimba ngati chigoba cha nkhono, koma chinawapha ndi galimoto. Achemwali aone mzere wa cause of death walemba chiyani.

Dotolo265
Zoona zimenezo. Koma pa munthu wa zaka 41, mtima wa 520 g, wogwa akunyamula katundu, ine sindingakayang'ane kutali.

Mfumu_Ndalama
Nanga appendix inaphulika yokha?

Kambuku77
A Mfumu inu tayala la minibasi likaphulika pa Zalewa mumati ndi azakhali a ndani kkkkk

Mfumu_Ndalama
Sekani. Tsiku lina mudzandifuna.

MayiBusa
Tisanyozane abale, pano pali maliro. A Mfumu, ine sindikutsutsa kuti zoipa zilipo m'dziko, koma kuloza chala mkazi wamasiye amene anasamalira mwamuna wake atadwala mwakayakaya, popanda umboni, limenelo ndi tchimo palokha.

AlangiziAZiweto
Mundilole ndilowe ndi za mbuzi. Ife timaziona izi kawirikawiri kuposa madokotala a anthu. Mwana wa mbuzi kapena wa nkhosa akasowa selenium ndi vitamini E amangogwa akuthamanga, ukatsegula mtima umapeza mizere yoyera ngati wina walemba ndi choko, ena mwa malowo amakanda ndithu, matendawa timati white muscle disease. Ku Argentina ndi ku Brazil kuli chitsamba china ng'ombe zikadya chimagwira ntchito ngati vitamini D wamphamvu, mitsempha, mtima ndi mapapo zimachita kashiamu, ng'ombe kuonda n'kumayenda mokakamira. Sindinamvepo mlimi akuti mbuzi yanga yadyetsedwa kondaine.

Mfumu_Ndalama
Mwamva? Chitsamba! Ndiye chodya chikhoza kuumitsa mtima, mwavomera nokha. Kapena anawathirira temeki.

NesiWaUsiku
Temeki amapha m'maola ochepa a Mfumu, munthu amatuluka thovu, thukuta, kutsegula m'mimba, timaso timachepa ngati nsonga ya singano, tawalandira ambiri usiku. Nthawi yoti kashiamu aunjikane palibe. Ndipo za ng'ombezo a Dotolo anena kale, chinthu chokweza kashiamu m'magazi chimasiya mapazi ake mu impso, m'mapapo ndi m'chifu, munthu amasanza, amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi kwa masabata. Sangamanyamule matumba mu lole.

BamboAPhiriAwiri
Ine zanga n'zosiyana pang'ono koma mwina zithandiza wina. Ndinadwala TB mu 2009, osati ya m'mapapo koma ya kathumba kamene kamakuta mtima, anachotsa madzi ndi jakisoni, ndinamwa mankhwala miyezi 6 ndinachira. Patapita zaka mimba inayamba kutupa, anthu akuti chiwindi, ena akuti ndaponda mankhwala. Ekisile ya m'mbali inaonetsa mzere woyera wozungulira mtima ngati chigoba cha dzira. Anakandichita opaleshoni kunja n'kusenda chigobacho, dokotala anandionetsa mu kabotolo, timapale totuwa ngati ta mphika wosweka. Ndili moyo lero ndikulemba pano.

Dotolo265
Mwachita bwino kufotokoza bambo. Kwa inu kashiamu anali pa chikuto, osati mu mnofu, n'chifukwa chake zinatheka kusenda. Wa mu mnofu sasendeka, timangothandiza ndi mankhwala ochotsa madzi ndi oletsa mtima kusokonekera, pena kachipangizo ka batire koika pachifuwa. Kuno kwathu TB ndiyo imatsogola pa matenda a chikutochi. Tilinso ndi ma valve, tizitseko ta mu mtima, olimba chifukwa cha zilonda zapakhosi za paubwana zosachizidwa, ndi matenda ena otchedwa endomyocardial fibrosis, amene dokotala Davies anawafotokoza ku Uganda mu 1948 atawaona popima mitembo, m'kati mwa chipinda cha mtima mumachita chipsera chokhuthala choyera ndipo pena chimagwira kashiamu. Anzathu a ku Mozambique, Dr Ana Olga Mocumbi ndi gulu lake, anayeza anthu 1,063 ku Inharrime ndi makina a echo ojambula mtima, zotsatira zinatuluka mu 2008, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi zizindikiro zake, ambiri osadziwa n'komwe.

WaKuMangochi
Funso langa n'lina. Ife Asilamu timaika tsiku lomwelo kapena mawa lake ndipo kung'amba mtembo n'kovuta kuti abale avomere. Palibe njira yoonera zimenezi osadula?

LabuBoy
Ilipo, mtembo umalowetsedwa mu CT ngati munthu wamoyo. Anayambitsa ndi a ku Bern ku Switzerland cha m'ma 2000, amati virtopsy, ndipo ku UK mabanja ena achisilamu ndi achiyuda amapempha imeneyi. Pa kashiamu ndiye CT ndi katswiri, amawala ngati fupa, ngakhale ekisile wamba ya mtima wochotsedwa imaonetsa. Koma CT singakuuzeni chimene chinapha maselo aja, pamenepo pamafunikabe kachidutswa pa maikulosikopu. Pali njira ina yotenga tizidutswa ndi singano yaikulu osatsegula thupi. Kungoti kwathu kuno CT amoyo omwe akuidikirira pamzere, ukapite ndi mtembo akuyang'ana bwanji.

Chitedze
Ine sindingalole m'bale wanga adulidwe. Amachotsa ziwalo n'kugulitsa, tonse timamva.

WaMochale
Mumamva kwa ndani? Ziwalo timabwezera m'thupi n'kusoka, chimene chimatsala ndi tizidutswa tochepa ngati chikhadabo ta ku labu, pena chiwalo chimodzi ngati dokotala akufuna kuchipima mofatsa. Chiwalo cha munthu amene wagona mu firiji masiku sichingaikidwe mwa wina, chafa kale. Bodza limeneli limatipweteka ife, ana athu kusukulu amanenedwa.

MphunzitsiWaBio
A Chitedze, kupima mitembo kunatithandizapo kale ife eni ake. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Terrie Taylor ndi anzake anapempha makolo kuti apime ana amene anamwalira ndi matenda amene aliyense ankati ndi malungo a mu ubongo. Lipoti lawo la 2004 linaonetsa kuti mwa ana 31, ana 7 anafa ndi matenda ena, tizilombo ta malungo tinangopezeka m'magazi mwawo basi. Kuchokera pamenepo madokotala anayamba kudalira kuyang'ana m'kati mwa diso kuti asiyanitse. Makolo aja akanakana bwenzi tikungoganizabe. Apa napo achimwene awa akanafera kumudzi n'kuikidwa mawa lake, alamu akanadziteteza ndi chiyani?

Kambuku77
Pamenepo ndiye mwalasa aphunzitsi. Pepala lomwe akuwanamizira nalolo ndi limene likuwawombola.

JoniBoy_Mayfair
Pepani kupatuka, achemwali trailer munalipira zingati? Tili ndi maliro ena kuno a mnyamata wa ku Mzimba tikusonkha

MlongoWake
Zinayendetsedwa ndi bungwe la maliro limene achimwene amasonkhako, ndikufunsirani kwa alamu ndikutumizirani ku inbox. Pepani ndi maliro.

ParalegalWaMudzi
Achemwali za Loweruka zija. Choyamba, kunena munthu kuti ndi mfiti kapena kuti walodza ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act ya 1911, lamuloli ndi lakale koma likugwirabe ntchito. Chachiwiri, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, kulanda nyumba ya masiye ndi mlandu wopita nawo kukhoti. Musapite ku bwalo nokha ndi foni m'manja. Sindikizani lipotilo, pitani nalo kwa clinical officer kapena dokotala wa chipatala cha boma chapafupi akufotokozereni pamaso pa amalume anu aakulu, amalume akamva okha kuchokera kwa wovala koti yoyera azakhali mphamvu ziwathera. Uzaninso amfumu zisanachitike, ndipo ngati kukumveka zoopseza pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Alamu asabwere kaye mpaka zitazizira.

MkaziWaMsodzi
Ndipo amayi anu muwauze mofatsa za 2022 zija asanamve pa bwalo, paja mwati ndi a BP. Asadzamve pagulu kuti mwana wawo anagona mu ICU iwo osadziwa.

NesiWaUsiku
Komanso alamu akapemphe mapepala a ku chipatala kumene anagona mu 2022, discharge summary. Mukaika pambali pa lipoti la positimotemu nkhani imadzifotokoza yokha. Za ana musade nkhawa kwambiri, ngati chinayambitsa ndi sepsis si chinthu chotengera kumtundu, koma poti bambo awo anagwa mwadzidzidzi ali wamng'ono kuwayezetsa ECG, yoona magetsi a mtima, kamodzi sikulakwa.

MlongoWake
Ndayang'ananso zithunzi zija. Pa cause of death alemba kuti mtima unasiya kugwira ntchito chifukwa cha zipsera ndi kashiamu mu mnofu, mitsempha ya mtima akuti inali yotseguka bwinobwino, mapapo anali odzaza madzi, impso alemba kuti zinali ndi zipsera pang'ono. Pamimba atchulanso chipsera cha opaleshoni yakale. Koma pansi palembedwa page 2 of 4 kenako page 4 of 4, tsamba 3 palibe, alamu akuti mwina linamatirira pojambula ayang'ana akaweruka. Amalume ndawaimbira avomera kuti tipite limodzi kuchipatala Lachinayi, ati iwonso nkhani ya kondaine sinawakhale bwino koma amaopa alongo awo.

LabuBoy
Tsamba 3 limenelo n'kutheka ndi la histology ndi toxicology, zotsatira za pa maikulosikopu ndi za kuyeza poizoni, musapite Lachinayi popanda ilo. Auzeni alamu ajambule pamalo owala, asagwiritse flash, zilembo za pansi zimafufutika.

Mfumu_Ndalama
Likabwera muliponye pano nanenso ndilione.